"Saluma ameneyu!" Mawu amene akuvulaza ana athu

Abale anzanga a pa msika, sabata ino ndale ndaziika kaye pambali. Ndikufuna tikambirane za nyama ina ya miyendo inayi imene ikuoneka kuti ufulu umene makolo athu anavotera mu 1993 inaumvetsa kuposa eni akefe. Ndikunena galu. Tayendani m'mawa cha m'ma 6 koloko ku Ndirande, ku Bangwe, ku Zingwangwa, ngakhale ku Kawale ndi ku Mchesi, mukawapeza ali m'timagulu ngati akupita ku msonkhano wa chipani, opanda chingwe, opanda mbuye. Ndipo nthawi imeneyi ndi yomwenso ana athu amakhala ali pa msewu, kapu ya phala kumanja, kuthamangira kusukulu.

Galuyo ine ndilibe naye mlandu. Ndi mmene umbava wakulira m'matauni muno, munthu woweta galu sitingamunene, chifukwa mlonda wolipira pa mwezi si tonse tingamukwanitse. Mlandu wanga uli ndi mwini galu amene amamasula chiweto chake usiku kuti chilondere, iye n'kugona mpaka dzuwa kutuluka. Galu sadziwa kuti ntchito yaulonda yatha. Geti ikangotseguka, kapena mpanda wa udzu ukakhala ndi pobowoka, iye ulendo.

Nkhaniyi ikutikhudza ife ochita malonda kuposa wina aliyense. Mayi wa tomato amadzuka 4 koloko kukapikula. Bambo wa usipa amalawirira kukadikira galimoto yochokera kunyanja. Amene amaperekeza mwana wa Sitandade 1 kusukulu ndi mchemwali wake wa Sitandade 4. Bwana wa kumayadi mwana wake amatsikira pa geti ya sukulu ali m'galimoto. Athuwa amadutsa wapansi m'tinjira ta pakati pa nyumba, ndipo sukulu zambiri za pulayimale zilibe ndi mpanda womwe. Galu akafuna kulowa m'bwalo la sukulu sagogoda.

Ndiye ukadandaula, yankho lake ndi limodzi dziko lonse: "Aa, musaope, saluma ameneyu." Kwathu kuno kuli bambo wina amene mawu amenewa amawanena ali pakhonde, tiyi ali m'manja, pamene Tiger wake wapanikiza mwana ku khoma. Bambo, galu wanuyo saluma inuyo chifukwa ndinu womupatsa mkute. Mwana wa eni ake samudziwa. Galu amalondera malo amene akuwaona ngati ake, amathamangitsa chilichonse chothawa, ndipo wamkazi akakhala ndi tiana sagwirizana ndi munthu. Funsani anyamata a kabaza akuuzeni kuti agalu "osaluma" awagwetsa kangati.

Bala la mano limapola. Choopsa ndi chiwewe. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo mu Africa ndi ku Asia. Mwa anthu 100 odwala chiwewe, mpaka 99 amachitenga kwa galu, ndipo mwa anthu 10 ofa, anayi amakhala ana osafika zaka 15. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mwana ndi wamfupi, galu amamupeza kumaso ndi pakhosi, ndipo kachilombo ka chiwewe kamayenda m'mitsempha kulowera ku ubongo, ndiye bala likakhala pafupi ndi mutu ulendo wake umafupika. Chinanso, mwana akakandidwa pang'ono amabisa poopa kukalipidwa. Kawirikawiri pamadutsa miyezi iwiri kapena itatu munthu ali bwinobwino, onse n'kuiwala za galu uja. Koma zizindikiro zikangoyamba, kuopa madzi, kubwebweta, kutuluka dovu, ndiye kuti basi, ngakhale mutagulitsa benchi yanu ndi katundu yense. Ena amayamba kuloza agogo a kumudzi kuti alodza mwana, chonsecho mfiti yake ili pakhonde la aneba ikugwedeza mchira.

Izi si nthano za kutali. Cha m'ma 2012 madokotala a pa chipatala cha Gulupu mu Blantyre anachenjeza kuti ana ofa ndi chiwewe achuluka modetsa nkhawa. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies linayamba kubaya agalu katemera waulere mu mzindawu, ndipo m'masiku 20 okha linabaya agalu oposa 35,000. Akatswiri amati mukabaya agalu 70 mwa 100 alionse m'dera, chiwewe chimasowa podutsira, ndipo zinaonekadi chifukwa chiwerengero cha ana ofika ku Gulupu ndi matendawa chinatsika. Malo ambiri obayira anali m'mabwalo a sukulu za pulayimale, ndipo ambiri okoka agalu pa chingwe kupita nawo kumeneko anali ana. Tamvani manyaziwo: ana kugwira ntchito imene akuluakulu eni agalu akuizemba. Komanso katemera si wa kamodzi n'kuiwala, chifukwa agalu amaswana chaka ndi chaka, ndipo kagalu kobadwa lero sikadziwa za 2015.

Tsono mwini galu wa ulemu amatani? Si zambiri ayi. Amadzuka n'kumanga galu wake ana asanayambe kudutsa, ndipo amamusunga choncho mpaka a masana aweruke. Koma kumanga sindikunena zomusiya pa tcheni chachifupi, padzuwa, wopanda madzi tsiku lonse, chifukwa galu wozunzika choncho ndi amene amalusa kwambiri akaduka. Mthunzi, madzi ndi chakudya ndi udindo wa mwini. Ngati simungathe kumudyetsa musamuwete, chifukwa galu wanjala amakadzidyetsa yekha pa geti ya sukulu, pamene amayi amagulitsa mandasi ndi zigumu.

Mukafuna kuyenda naye, chingwe m'manja. Izi ndikuuza makamaka anyamata amene masiku ano akuweta agalu akuluakulu achizungu n'kumayenda nawo modzionetsera, anthu akamathawa iwo n'kumaseka. Achimwene, umenewo si udolo. Njira ya kusukulu nthawi yolowa ndi yoweruka ipeweni, ndipo mumsika musalowe naye. Pamene pali nyama yopachika, nsomba zoyala ndi chiwaya si malo a galu. Akachita chimbudzi pa njira kapena pa bwalo losewerera, fotserani kapena chotsani. Ana ambiri amasewera opanda nsapato, amadya osasamba m'manja, ndipo manyi a galu amakhala ndi mazira a njoka za m'mimba.

Ngozi ikachitika, mwini galu asathawire m'nyumba n'kutseka makatani. Tulukani ndi chiphaso cha katemera, pepesani, lipirani thiransipoti ya kuchipatala. Kumbukirani kuti jakisoni wa chiwewe si mmodzi, amabaya pa masiku angapo, ndipo nthawi zina pa chipatala chapafupi sapezeka, munthu amayenera kupita patsogolo. Kwa mayi wa masamba, ulendo uliwonse ndi tsiku limodzi la malonda lotayika, ndiwo zikufota pa benchi. Galuyo musamubise kwa achibale kapena kuthamangira kumutaya. Mumangeni masiku 10, alangizi a ziweto amuone, chifukwa galu amene anali ndi chiwewe m'malovu poluma sadutsa masiku amenewa asanadwale kapena kufa.

Nanunso makolo, mwana akalumidwa kapena kukandidwa, choyamba ndi sopo ndi madzi ambiri, kutsuka balalo mphindi 15 zathunthu. Zowotcha ubweya wa galu n'kupaka pabala, zothira mchere kapena tsabola, zisiyeni. Mukatero thamangani kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti muone kaye ngati galu uja adwale. Katemera ameneyu si wachilendo, Louis Pasteur anapulumutsa naye mnyamata wa zaka 9 ku France kalekale mu 1885, koma amagwira ntchito zizindikiro zisanayambe basi. Auzeninso ana kuti galu akawalondola asathawe, asakuwe, aime chilili ngati mtengo, manja ali pathupi, osamuyang'ana m'maso. Akagwa adzipinde n'kubisa nkhope ndi khosi. Ndipo asiye kugenda agalu, chifukwa galu wogendedwa ndi mwana wanu lero amakabwezera kwa mwana wa mnzanu mawa.

Pomaliza tisaloze chala eni agalu okha, nafenso a pa msika tili ndi gawo lathu. Matumbo a nkhuku, mamba a nsomba ndi mafupa zimene timakhuthula kuseri kwa shedi madzulo ndi zimene zimaitana agalu a dera lonse. Kumeneko ndiko amakumanirana, kulumana ndi kupatsirana matenda, kenako aliyense n'kubwerera kwawo kumene kuli ana. Tcheyamani wa msika ndi komiti yake aione nkhani ya zinyalalayi. Makomiti a sukulu ndi mafumu a m'madera aitane eni agalu oyandikana ndi sukulu, agwirizane nthawi yomangira. Sizifuna ndalama ya boma kapena lonjezo la phungu, zimangofuna chingwe ndi umunthu.

Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mayiko anagwirizana kuti pofika 2030 pasamapezekenso munthu wofa ndi chiwewe chochokera kwa galu, ndipo pa 28 Sepitembala chaka chilichonse amakumbutsana za matendawa. Zimenezo ndi za m'maofesi. Zathu ndi za mawa m'mawa: amene muli ndi galu, musananyamule dengu kupita kukapikula, yambani mwaona kuti Bingo ali pa chingwe. Tionana sabata ya mawa, malonda akuyendereni.