Agogo akadali moyo, koma update si yochitira pabatire

Kusukulu kwathu laputopu yanga adaipatsa dzina loti Agogo. Ndidaigula yogwirako kale ntchito, kiyibodi yake idafufutika zilembo, koma m'menemo ndi momwe mumakhala mafunso a mayeso, masikimu ndi malikisi a ana anga a Fomu 3.

Kampani ya Microsoft itasiya kutumiza zotetezera Windows 10 pa 14 October 2025, ndidafuna kusamukira ku Windows 11. Agogo adakanidwa poti alibe kachipangizo kotchedwa TPM 2.0. Ndalama ya laputopu ina pamalipiro a uphunzitsi ikadachokera kuti? Mnzanga wophunzitsa za kompyuta ndiye adandiikira Ubuntu kuchokera pafulashi.

Ubuntu ndi mtundu umodzi wa Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene Linus Torvalds adaiyamba mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki. Mark Shuttleworth wa ku South Africa ndiye adayambitsa Ubuntu mu 2004, ndipo dzinali ndi lomwe lija ife timati umunthu. Ndi yaulere, ndipo aliyense ali ndi ufulu woona mmene idalembedwera, kuikonza ndi kugawira anzake. Zolemba zanga zakale za Word ndi Excel zimatseguka mu LibreOffice.

Koma walira mvula walira matope. Pafupifupi sabata iliyonse makinawa amapempha update, yomwe imatseka mipata yolowera akuba. Ine poumira bandulo ndinkangodina kuti mawa. Itatha miyezi itatu, zidaunjikana. Usiku wina, kutatsala masiku awiri kuti mayeso a teremu ayambe, ndidati ndithane nazo. Ndidalumikiza intaneti ya pafoni, osalabadira kuti sola idali itatha mphamvu. Ntchito ili pakati, batire idafa.

M'mawa Agogo adangoonetsa mdima ndi timizere ta zilembo zoyera. Mafunso a makalasi awiri ali m'katimo, kwina kulibe. Thukuta lidatuluka ngakhale kunkazizira.

Idandipulumutsa ndi fulashi ija. Ubuntu imatha kuyaka kuchokera pafulashi osakhudza zomwe zili m'kompyuta. Ndidayatsira pamenepo, n'kukopera mafunso onse, ndipo ana adalemba pa tsiku lake. Madzulo mnzanga uja adandiongolera pafoni kuti ndilembe lamulo loti sudo dpkg --configure -a, lomwe limamalizitsa zomwe zidadukira panjira. Agogo adadzuka.

Tsono aphunzitsi anzanga amene mwatsata njirayi, update muzichita pang'onopang'ono ngati kupalira, osadikira kuti udzu ufike m'chiuno. Musanayambe, koperani ntchito yanu pafulashi ina, ndipo laputopu ikhale pamoto wodalirika. Fulashi yoikira Ubuntu musaibwereketse kwa ofuna kuikamo nyimbo.

Palinso kusamuka kwakukulu. Ubuntu yotchedwa LTS imatuluka mu April pa zaka ziwiri zilizonse, ndipo iliyonse imalandira zotetezera kwa zaka zisanu. Choncho palibe chothamangira. Ya 24.04 yomwe ndili nayo idzandifikitsa mu 2029, ndipo ndikadzafuna kusamuka ndidzadikira holide, malikisi nditapereka kale kwa ahedi.