Timabokosi ta Ukwati Tobisa Mathero a Nkhani

M'nyumba zosungiramo zinthu zakale monga Victoria and Albert ku London, Louvre ku Paris ndi Bargello ku Florence muli timabokosi toyera timene munthu ukationa pachithunzi ungalumbire kuti ndi ta mnyanga wa njovu. Koma tambiri ndi ta mafupa a ng'ombe ndi akavalo. Tinapangidwa ku Italy zaka zoposa 600 zapitazo ndi amisiri a Baldassare degli Embriachi, mkulu wamalonda wa ku Florence amene anasamutsira ntchito yake ku Venice m'zaka za m'ma 1390, namwalira mu 1406.

Fupa la mwendo wa ng'ombe ndi lopapatiza, ndiye amisiriwo ankalicheka m'tizidutswa, n'kusema munthu mmodzi kapena awiri pa kachidutswa kalikonse, kenaka n'kutindanditsa mozungulira bokosi la mtengo kuti munthu azitsatira nkhani potembenuza bokosilo. Pa chivindikiro ankasemapo tianthu tamapiko tonyamula zishango zopanda chizindikiro, kuti wogula adzajambulitsepo cha banja lake. Mkwati ankaikamo mphete, malamba ndi zina zamtengo wapatali n'kutumiza kwa mkwatibwi. Luso lawo sinditsutsana nalo, pakuti ndi omwewa anasema chokongoletsa chachikulu cha paguwa la nsembe kwa amonke a ku Certosa di Pavia. Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi nkhani zimene ankasema, makamaka pamene ankazidulira.

Tiyeni titenge ya Jason, imene ankaikonda kwambiri. Jason akwera ngalawa kukafuna ubweya wagolide kudziko la Colchis. Medea, mwana wa mfumu ya kumeneko, amukonda n'kumupatsa mankhwala oti agonjetsere ng'ombe zolusa ndi chinjoka. Jason atenga ubweya uja, ndipo pa timabokosi tambiri nkhani yathera pomwepo. Koma Agiriki eni ake sanailekere apo ayi. Mu sewero la Euripides la mu 431 Yesu asanabadwe, Jason akusiya Medea ku Corinth kuti akwatire mwana wa mfumu Creon, ndipo Medea, popsa mtima, akupha mtsikanayo ndi ana ake omwe. Nayenso Paris ankamusema akuthawitsa Helen, mkazi wa mwini, koma moto umene unapsereza mzinda wa Troy chifukwa cha chigololocho sumaonekapo kawirikawiri. Ichi ndiye chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono onani nkhani za akazi. Ya Susana ija, imene timawerenga m'buku la Danieli mutu 13, amisiriwa ankaifotokoza bwinobwino: akuluakulu awiri akumuzonda posamba, iye akukana, akumunamizira, mnyamata Danieli akuwapanikiza ndi mafunso, mpaka iwo akulangidwa. Panalinso ya Griselda, nkhani yotsiriza m'buku la Decameron limene Boccaccio analemba cha m'ma 1350. Mwamuna wake Gualtieri akumulanda ana awiri n'kumusiya akhulupirire kuti aphedwa, akumubweza kwa bambo ake ali ndi kamalaya kamodzi, kenaka akumuitana kuti adzakonze phwando la mkazi wina. Zonsezi akuti ankangomuyesa. Griselda sakuyankha mwano ngakhale kamodzi. Imeneyi ndi mphatso yopatsa mtsikana amene mawa lake akusiya amayi ake!

Mwina wina anena kuti Embriachi anali munthu wamalonda, ndipo palibe amene amaimba nyimbo ya maliro pa ukwati. Ndi zoona. Angawonjezenso kuti mabanja ogula timabokosi timeneti anali ophunzira, moti mathero a Jason ankawadziwa kale. Izinso mwina ndi zoona. Koma ngati zachisoni zinali zosayenera pa tsiku lachimwemwe, bwanji misozi ya Griselda inaloledwa? Ndipo ngati aliyense ankadziwa mathero, bwanji a Susana sanawasiye? Ine ndikuona kuti panali kusankha. Mayeso a mkazi ankawaonetsa poyera kuti mkwatibwi aphunzire kupirira, pamene kusakhulupirika kwa mwamuna ankakudula kuti mkwati aoneke ngwazi yobwera ndi golide.

Nkhani ya Susana ndiyo yokha imene ndingaiikire kumbuyo, chifukwa m'menemo amuna olakwa akuyaluka ndipo mkazi akukana choipa ndi pakamwa pake. Koma nayonso inapita kolakwika. Bokosilo linkakhala m'manja mwa mkwatibwi, ndiye amene ankaliona potulutsa mphete zake. Oyenera kumva za akuluakulu onyenga aja anali amuna.

Inu makolo athu ndi abambo ansembe mumakhalapo pa chilangizo cha ukwati, ndiye mukudziwa bwino kuposa ife anyamata kuti mawu ambiri amagwera mbali iti. Ine ndikanakhala mmisiri ku Venice, ndikanapempha mkulu wa ntchito kuti andipatse tizidutswa tiwiri tina ta fupa. Pa kamodzi ndikanasema Jason akutuluka m'nyumba ya Medea, pa kenako ndikanamusema ali yekhayekha ku Corinth, wopanda mkazi ndi ana. Bokosi limenelo ndikanatumiza kwa mkwati.