Msonkho pa Malipiro a Tchuthi cha Uchembere

Aphunzitsi kuno ku Phwezi akhala akutsutsana pa funso ili: kodi n'koyenera kuti mayi amene ali pa tchuthi cha uchembere, kapena wantchito amene wagwidwa ndi matenda, azidulidwabe msonkho? Ambiri akuti imeneyi ndi nkhanza. Ine ndikuona mosiyana.

Lamulo la ntchito la 2000 likuti mayi apatsidwe masabata osachepera 8 pa malipiro athunthu, kamodzi pa zaka 3 zilizonse. Wodwala amene wakwanitsa chaka pa ntchito ali ndi masabata 4 a malipiro onse ndi ena 8 a theka. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inawonjezerapo masabata 2 a abambo. Ndalama zimenezi sizichokera m'thumba lapadera ayi. Amalipira ndi bwana yemweyo, ndipo kwa a MRA ndi malipiro basi. Tsono ngati mphunzitsi amene waima pa bolodi mwezi wathunthu akudulidwa PAYE, mnzake wolandira zofanana angasiyidwe bwanji? Wolandira theka naye msonkho wake umatsika wokha.

Chondidetsa nkhawa n'china. Mtolo wonsewu tausenzetsa wolemba ntchito. Mwini sitolo, poganiza zodzalipira anthu awiri, mayi ali kunyumba ndi womugwirizira, amayamba kuyang'ana mokayika mtsikana amene wangomaliza Fomu 4. Sanganene poyera, poti lamulo limaletsa tsankho; amangoti malo adzaza. Inu atsikana amene mukulemba makalata ofunsira ntchito, nkhaniyi ndi yanu.

Ku South Africa, kumene abale athu ambiri amapita kukagwira ntchito, anakumbukira kuti mutu umodzi susenza denga. Wantchito ndi bwana, aliyense amasonkha 1 peresenti ya malipiro ku thumba la UIF. Mayi akachira, thumbalo ndilo limamuthandiza, ndipo ndalamazo sizidulidwa msonkho. M'pomveka, pakuti sizifika pa malipiro athunthu, komanso mwini wake anazisonkhera kale.

Thumba lotere likadzakhazikitsidwa kuno, ine ndidzakhala woyamba kupempha kuti msonkho usalikhudze. Koma lidzayenera kuganiziranso amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu wa M1 ndi akazi a matenanti a fodya m'chigwa cha Henga, amene amabwerera ku ntchito khanda lisanakhwime n'komwe khosi.