Chiliza sichiyankhula

Anzanga a m'gulu lino, sabata ino ndabwera ndi mkwiyo, mundipirire.

Kwathu ku Mulanje, namondwe Freddy atadutsa mu Malichi 2023, tidatsegula sutikesi ya malemu mayi anga n'kupezamo kaseti ya Hi8, yonyowa, itayamba chuku. Adajambula ndi amalume, ndi kamera yomwe adabwera nayo kuchokera ku Joni. Mmenemo muli mayi akuvina tchopa paukwati wa achemwali. Nditaionetsa mnyamata wina woika nyimbo m'mafoni pamsika pomwe ndimagulitsa, adaseka: "Asisi, izi ndi zotaya." Abale anganso adati ndikuvutikira zinyalala.

Abale omwewo adasonkha ndalama za simenti, matailosi, nsalu ya yunifomu ndi mbuzi pomanga chiliza cha mayi. Sindikunyoza chiliza ayi. Koma chiliza sichiseka, sichivina, sichikutchula dzina. Kaseti ija ndi malo okhawo padziko pano pomwe patsala mawu a mayi anga. Ndiye zinyalala ndi ziti?

Amati makina ake adatha. Zoona, kampani ya Funai ya ku Japan, yomwe idatsala yokha, idasiya kupanga makina a VHS mu 2016. Komatu chithunzi sichikhala m'makina, chimakhala pa tepi, cholembedwa ndi maginito. Pali pulogalamu yaulere ya pakompyuta yotchedwa vhs-decode, yomwe imagwiranso pa Video8 ndi Hi8. Amalumikiza waya m'kati mwa kamera yakale, n'kukopa zonse zomwe mitu yake ikuwerenga pa tepi, zisadadutse m'zida zina zokalamba. Zikalowa m'kompyuta, pulogalamuyo ndiyo imazisandutsa kanema. Tepi imazungulira kamodzi basi, kwinako mumabwereza pakompyuta mpaka chithunzi chiyere.

Ena ati n'zodula, n'za azungu. Inde, pamafunika kamera yoti ikuzungulirabe, kachipangizo kokopera ndi malo ambiri m'kompyuta, ndipo ine ndekha sindingakwanitse. Koma nanga anyamata a pa Chitakale ndi pa Limbuli amene amatsitsimutsa mafoni akufa aja, izi zingawakanike? Tikanati tizifunsa ntchitoyi, bwenzi ataiphunzira kale. Wamalonda amaoda chomwe anthu akufuna, ine ndikudziwa.

UNESCO idazindikira tchopa mu 2014, tonse tidaomba m'manja. Koma agogo omwe ankamuvina mopanda kamera ya foni ali m'makaseti omwe akuola m'masutikesi mwathu. Ku National Archives ku Zomba sangasunge chomwe ife eni tataya kudzala.

Mukafika kunyumba lero, itulutseni. Ngati ili ndi chuku musaiike m'makina, mungaononge zonse ziwiri. Isungeni choimika, pouma, kutali ndi dzuwa ndi masipika. Lembani pa chikuto mayina a anthu ali mmenemo, owadziwa akadali moyo. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Yanga ndaiumitsa, ndipo pa banki mkhonde ndayamba kuisungira yake. Ana anga adzamva agogo awo akuseka.