Mizele iwili ikaoneka, sikelo isacedwe

Kale amai anali kudikila miyezi iwili kapena itatu kuti atsimikize kuti ali ndi pakati. Lelo m'mafamasi a ku Chipata ndi Katete muli kacipangizo kopimila mkodzo, kocepa ngati cala. Kamafufuza hCG, homoni imene thupi limapanga mwana akangokhazikika. Mizele iwili ndiye kuti pali pakati. Umodzi, palibe, ngakhale kuti mukapima msanga kwambili kangaphonye. Mkodzo wa m'mamawa ndiwo wabwino.

Vuto lili kwa ife. Kucokela mu 2016 bungwe la WHO limalangiza kuti mai ayambe sikelo milungu 12 isanathe. Koma kumudzi timabisa pakati poopa afiti ndi pakamwa pa anthu, mpaka citenge cikane kumangika. Pofika apo mapilisi oonjezela magazi acedwa, kupimitsa HIV nakonso kwacedwa.

Komanso kacipangizo aka sikanena pamene mwana wakhala. Akakhala kunja kwa cibalilo, mizele ingaonekebe iwili pamene moyo wa mai uli pangozi, ndipo a kucipatala okha ndiwo angazindikile zimenezo. Azibambo, ngakhale ili nyengo yopalila cimanga, tsiku limodzi njinga inyamule amai kupita ku kiliniki.