Pa basi ya hayala, wolamula ulendo ndi komiti

Mu mzinda wa Chipata ndi m'maboma ozungulira, monga Katete, Chadiza, Vubwi, Mambwe ndi Lundazi, maulendo ambiri a magulu amayendedwa pa galimoto ya hayala, kutanthauza basi kapena minibasi imene gulu lapangana ndi mwini wake kuti ichoke pa msewu umene imanyamula anthu masiku onse, itenge gululo lokha, ikalidikire kumene likupita, kenako ilibweze pa mtengo umodzi wogwirizana. Amayi a Chigwirizano a mpingo wa Reformed Church in Zambia popita ku msonkhano, kwaya ya pa parishi, timu ya mpira, ana asukulu okaona nyama ku South Luangwa National Park kudzera ku Mfuwe, ngakhalenso abale operekeza mkwatibwi kapena maliro, onsewa amadalira njira imeneyi. Ife tikuona kuti nkhani ya hayala imakambidwa ngati ya mtengo wokha, pamene chachikulu chimene chimasintha gulu likapangana basi ndi mwini wa mawu omaliza pa ulendowo.

Munthu wokwera basi ya pa siteji alibe ulamuliro uliwonse, chifukwa nthawi yonyamuka, chiwerengero cha okwera ndi malo oima zimakhala m'manja mwa mwini basi, dalaivala ndi kondakitala, ndipo iye amangolipira n'kukhala pansi. Pa hayala zinthu zimatembenuka. Wapampando wa gulu ndi komiti yake ndiwo amanena ola lonyamuka, ndiwo amalola kuti ana atatu akhale pa mpando wa anthu awiri, ndiwo amakweza matumba a ufa, mitolo ya nkhuni ndi mapoto akuluakulu a pa msonkhano m'kanjira kapakati pa mipando, ndiponso ndiwo amaumirira kuti gulu libwerere usiku womwewo poopa kulipira tsiku lachiwiri. Dalaivala, amene nthawi zambiri si mwini galimoto koma wolembedwa ntchito, savuta kugonja, popeza amadziwa kuti gulu lokhumudwa likamuneneza kwa abwana ake. Motero anthu amene sanagwirepo chiwongolero m'moyo mwawo amapezeka akupanga ziganizo zimene zimakhudza miyoyo ya anthu odzaza basi, kawirikawiri osazindikira n'komwe kuti atenga udindo wotere.

Vutoli limaonekera kwambiri pa nyengo za miyambo ikuluikulu ya m'chigawo cha kummawa. Mwambo wa Nc'wala, umene Angoni amathokozera zipatso zoyamba za m'munda pansi pa Inkosi ya Makhosi Mpezeni, umachitikira ku Mtenguleni Loweruka lomaliza la February, mvula isanathe ndipo misewu yafumbi yochokera m'midzi ikadali matope. Mwambo wa Kulamba, umene mafumu a Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amadzaonekera kwa Kalonga Gawa Undi, umachitikira ku Mkaika m'boma la Katete Loweruka lomaliza la August. Pa masiku awiriwa ofuna galimoto amachuluka kuposa galimoto zimene zilipo, mitengo imakwera, ndipo minibasi zimene zakhala miyezi zili pa miyala kuseri kwa nyumba zimatulutsidwa, matayala atatheratu mano. Basi imodzi imatha kupanganidwa ndi magulu awiri kapena atatu tsiku lomwelo, kotero kuti dalaivala amathamanga kuti akatule ena n'kubwerera kukatenga ena. Magulu amene achedwa kupangana amathera pa lole yosatseka, yopangidwira kunyamula fodya ndi chimanga, imene ikagwa anthu amamwazika pamsewu popanda chowatchinga.

Mtengo wa hayala uli ndi zigawo zimene magulu ambiri sazisiyanitsa, ndipo mikangano yambiri imabadwira pamenepo. Muli ndalama ya mafuta, amene mtengo wake umaunikidwa kawirikawiri ndi bungwe la Energy Regulation Board, kotero kuti mtengo wogwirizana miyezi iwiri ulendo usanachitike ukhoza kukanidwa tsiku lonyamuka. Muli ndalama yolipira pa zipata za pamsewu, monga chipata cha Reuben Chitandika Kamanga m'boma la Katete ndi cha Alexander Grey Zulu m'boma la Nyimba. Mulinso malipiro a maola odikira, chifukwa basi yoima pabwalo la tchalitchi tsiku lonse ikutaya ndalama imene ikanapanga pamsewu. Koma chigawo chimene chimayamba kudulidwa msungichuma akawerenga mayina m'kope lake n'kupeza kuti ena sanasonkhe, ena angotumiza theka pa Airtel Money kapena MTN, ndi chakudya ndi malo ogona a dalaivala. Zotsatira zake n'zodziwika kwa aliyense amene wagonapo pa siwa kumudzi: pamene olira akuimba usiku wonse, dalaivala wadzipinda pa mpando wakumbuyo wa basi ya Rosa kapena Coaster, jekete lili kumutu, ndipo mawa lake, m'manda mukangotha, munthu yemweyo ndiye akuyembekezeka kuyendetsa maola angapo anthu onse m'basi ali m'tulo.

Malamulo a dziko sanasiye nkhaniyi m'malere. Lamulo la zapamsewu la Road Traffic Act la chaka cha 2002 ndilo linakhazikitsa bungwe la Road Transport and Safety Agency, lodziwika ndi dzina lachidule la RTSA, limene limapereka ziphaso za madalaivala ndi za galimoto. Woyendetsa galimoto yonyamula anthu olipira ayenera kukhala ndi chilolezo cha PSV, chimene ndi chosiyana ndi laisensi wamba ya munthu woyendetsa galimoto ya banja lake. Galimotoyo iyenera kukhala ndi chiphaso chosonyeza kuti inayesedwa ndi kupezeka yoyenera kuyenda, chimene anthu amangoti fitinesi, chilolezo chochitira malonda onyamula anthu, ndiponso inshuwalansi, ndiko kuti mgwirizano woti kampani ina idzalipira chipukutamisozi pakachitika ngozi. Zina mwa ziphasozi zimamatidwa pagalasi lakutsogolo, pamene aliyense wodziwa kuwerenga angaone tsiku lothera mphamvu. Chodabwitsa n'chakuti komiti imene imatha misonkhano itatu kukambirana mtundu wa chitenje cha yunifomu siipeza mphindi zisanu zoyang'ana galasi limenelo, ndipo ambiri amaona ngati kupempha dalaivala kuti aonetse laisensi yake ndi chipongwe kwa munthu wamkulu. Ife tikuti funso lotere si chipongwe, ndipo mwini basi wolongosoka salikana.

Ulendo wa ku Lusaka ufunika kuuganizira pawokha. Kuchokera ku Chipata ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 570 pa msewu wa Great East, ndipo gawo la mapiri la ku Kacholola ndi ku Manenekera, mbali ziwiri za mlatho wa Luangwa, lili ndi zitunda, zigwa ndi makona amene amayesa mabuleki ndi maso a dalaivala. Mu 2016 boma linaletsa galimoto zonyamula anthu kuyenda pakati pa 21:00 ndi 05:00, chifukwa cha ngozi za usiku zimene zinkapha anthu ambiri nthawi imodzi. Chifukwa chimene chinabweretsa lamulolo chimakhudza basi ya ukwati mofanana ndi basi ya pa siteji, popeza tulo sitifunsa kuti okwera alipira motani. Gulu limene likufuna kupita ndi kubwerako osagona liyenera kulipira madalaivala awiri, ndipo ngati thumba silikulola, liyenera kuvomera kugona.

Chipata ndi mzinda wa m'malire, ndipo maukwati, maliro ndi misonkhano ya mipingo imaolotsa anthu kupita ku Mchinji ndi ku Lilongwe. Ngakhale kuti chipata cha Mwami chinasanduka malo amodzi ochitirapo zonse za mayiko a Zambia ndi Malawi mu 2022, galimoto imafunikabe mapepala ake, kuphatikizapo inshuwalansi yogwira ntchito kutsidya, monga khadi lachikasu la COMESA, ndipo ndi bwino kugwirizana msanga amene adzalipire zimenezi. Opita ku Tete kudzera pa chipata cha Chanida ayenera kukumbukira kuti dziko la Mozambique silili m'bungwe la COMESA.

Eni mabasi nawonso ali ndi madandaulo omveka. Pali magulu amene amanena kuti anthu ndi 25 koma pa tsikulo n'kubwera 35, amene amati msewu wa kumudzi ndi wabwino pamene uli ndi mtsinje wopanda mlatho, ndiponso amene amalonjeza kumaliza kulipira pobwera kenako n'kubalalika aliyense akangotsika pakhomo pake. Njira yochepetsera zonsezi, imene tikulimbikitsa mipingo, masukulu ndi mabungwe a m'midzi kuti aitsate, ndi kulemba pangano, ngakhale pa tsamba la m'kope, lotchula nambala ya galimoto yeniyeni imene yaonedwa, dzina la dalaivala, chiwerengero cha mipando, maola onyamuka ndi obwerera, wolipira mafuta ndi zipata, malo amene dalaivala akagone, ndi chimene chidzachitike basi ikafera panjira. Akuluakulu a RTSA ndi apolisi apamsewu a m'chigawo chino angathandize kwambiri atamafika ku misonkhano ya atsogoleri a mipingo ndi ya aphunzitsi aakulu milungu ingapo Nc'wala ndi Kulamba zisanafike, atanyamula zitsanzo za ziphaso zenizeni kuti apampando ndi asungichuma azione ndi maso, adziwe pamene pamalembedwa tsiku lothera mphamvu.