Mbale za galamafoni zotchipa nazonso n'zofunika kusunga

Mbale za galamafoni zabwereranso. Mu 2022 anthu ku America anagula mbale zambiri kuposa ma CD, chinthu chomwe chinachitika komaliza mu 1987. Mphepo imeneyi yatifika nafenso. Patchuthi ena mwa ife tinakafukula masutikesi a agogo, ndipo tikakumana funso limakhala limodzi: kodi mbaleyi ndi yoyambirira? Munthu akaona pachikuto dzina la Pickwick, Camden, Hallmark kapena Music for Pleasure amagwa mphwayi, chifukwa anawerenga pa intaneti kuti zimenezi n'zachabe. Ife tikuti maganizo amenewo tangowatengera kwa anthu ogula mbale kuti adzagulitse, ndipo atitayitsa zinthu zabwino.

Tiyambe ndi chiyambi chake. Kampani ya RCA inatsegula Camden mu 1953 kuti izitulutsanso nyimbo zake zakale pamtengo wotsika. Ku Britain, EMI inagwirizana ndi wofalitsa mabuku Paul Hamlyn kukhazikitsa Music for Pleasure mu 1965. Mbale yawo inkagulidwa mashilingi 12 ndi mapeni 6, osafika ndi theka lomwe la mtengo wa mbale yatsopano, ndipo inkapezeka m'magolosale ndi m'mashopu a mabuku, osati m'sitolo za nyimbo zokha. Ndalama ankazipulumutsa posajambulanso nyimbo, pochepetsa chiwerengero cha nyimbo pa mbale, komanso posindikiza chikuto chopanda mawu ambiri. Wogula wake anali munthu wa malipiro ochepa.

Apa ndiye pagona nkhani. Abambo omwe ankabwera kuchokera kumigodi ya ku Joni atanyamula galamafoni sanali kufunafuna mbale yoti idzakwere mtengo. Ankafuna mawu a Jim Reeves amveke pakhomo. Woyimbayu anakayimba ku South Africa mu 1962, anafa pa ngozi ya ndege mu 1964, ndipo nyimbo zake zinatulukanso kambirimbiri pa Camden. Mawu omwe ali pa mbale ya Camden ndi a Jim Reeves yemweyo, ojambulidwa tsiku lomwelo ndi omwe ali pa mbale yodula. Chimodzimodzi Elvis Presley: nyimbo zake zauzimu anazisonkhanitsa pa chimbale cha Camden chotchedwa You'll Never Walk Alone mu 1971. Tikataya mbale zotere poti zilibe mtengo pamsika, tataya umboni wa zomwe makolo athu ankamvera.

Komabe tisaname, onyoza aja ali ndi pogwira. Mbale zina n'zopyapyala moti zimapindika zikangokhala padzuwa pang'ono. Zina anatenga nyimbo yojambulidwa ndi njira imodzi ya mawu n'kuigawa mokakamiza kuti imveke ngati sitiriyo, mapeto ake woyimba amamveka ngati ali m'mgolo. Chachikulu kuposa zonsezi n'chakuti si mbale yotchipa iliyonse yomwe ili ndi mwini nyimbo. Kuyambira 1968 Pickwick inkatulutsa pa Hallmark mndandanda wa Top of the Pops, momwe oyimba aganyu ankatsanzira nyimbo zotchuka za nthawiyo, mayina awo osalembedwa. Ku South Africa, Music for Pleasure inkachita zofananazo ndi Springbok Hit Parade. Mitu ya nyimbo inkalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo wogula mwaphuma ankazindikira atafika kunyumba kuti wagula wotsanzira.

Kodi pamenepa tinene kuti zotsanzirazo zitayidwe? Ifeyo tinatsutsana kwa nthawi ndithu. Ena amati ndi chinyengo basi. Ambiri tinagwirizana kuti chinyengo chimabwera pomwe wogulitsa akubisa, koma mbale yomwe tikuidziwa bwino kuti ndi yotsanzira ili ndi mbiri yakeyake. Oyimba aganyuwo anali anthu aluso ogwira ntchito mothamanga. Lou Reed, asanatchuke ndi gulu la Velvet Underground, analembedwa ntchito yopeka nyimbo ku Pickwick mu 1964. (Zikuto za Top of the Pops, zomwe ankakonda kuikapo zithunzi za atsikana pofuna kukopa ogula, ndi nkhani ina, sitikuziyamikira.)

Pali nkhani ya thumba. Wophunzira amene akulimbana ndi fizi, sopo ndi mayunitsi sangapikisane ndi anthu osaka mbale zoyambirira. Mbale za makampani otchipa zinasindikizidwa zochuluka zedi, n'chifukwa chake mpaka lero mtengo wake ndi wotsika. Choopsa ndi wogulitsa yemwe wamva kuti mbale zili m'fasho, n'kumatchula mtengo wokwera pa chilichonse chakuda chozungulira. Gulu lathu linapusitsidwapo kamodzi: tinasonkherana ndalama, tinagula mbale yomwe anatiuza kuti ndi yosowa, kenaka tinapeza kuti ndi yotsanzira. Bwenzi titatembenuza chikuto n'kuwerenga timalemba ta kumbuyo, sitikanaluza.

Choncho musanapereke ndalama, onani ngati dzina la woyimba lalembedwa momveka, osati mitu ya nyimbo yokha. Itulutseni mbaleyo, muipendeketse pa kuwala kuti muone mikwingwirima, muiike pamalo osalala muone ngati yapindika. Nambala yomwe ili pachikuto mukhoza kuifufuza pa Discogs n'kudziwa chaka ndi dziko lomwe inasindikizidwa. Kunyumba muziimika chilili, kutali ndi zenera ndi malata otentha, osazisanjikiza ngati mbale za nsima. Singano yakutha imawononga mbale yodula ndi yotchipa mofanana.

Ndipo mukapita kumudzi, funsani agogo kuti mbale iliyonse anaigula kuti, chaka chiti, ndi ndalama zingati. Mulembe pakapepala, mukaike m'chikuto momwemo.